Dzimbiri m'bokosi la Ba Mubita

Tiyanjane ndi Madalitso, ana anga, mwandipempha kangapo kuti ndilembe za ntchito yanga, chifukwa anthu akakufunsani kuti atate anu ankagwira ntchito yanji mumasowa choyankha. Ena mumawauza kuti ndinali msodzi, ena kuti ndinali wa m'sitolo. Msodzi sindinali. Sitolo ndinali nayodi, koma sindinagulitsemo kanthu. Ntchito yanga inali yosunga mbedza kuti zisachite dzimbiri, ndipo zina zonse zinali zongowonjezera. Ndinaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndinaikonda.

Chaka choyamba, nyengo yozizira

Ndinafika ku Livingstone kuchokera ku Katete ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mkulu wina wa mpingo wathu, munthu wa kwathu kummawa, ndiye anandipezera malo pa loji ina yaing'ono m'mbali mwa Zambezi, kumtunda kwa mathithi, kufupi ndi mudzi wa Simonga. Alendo ankabwera kudzawedza mcheni, nsomba ya mano ngati misomali imene Alozi amaitcha ngweshi. Akaigwira ankaijambula n'kuibwezera m'madzi, chinthu chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Mwini loji anali mzungu wachikulire amene tinkamutcha Ba Chipewa, popeza palibe amene anaonapo pamutu pake. Anandipatsa kiyi wa kachipinda kopanda zenera komwe ankasungamo ndodo zowedzera, zingwe ndi mbedza, n'kundiuza kuti zotsala ndikafunse kwa Ba Mubita.

Ba Mubita anali woyendetsa boti wamkulu, Mlozi wamtali wa ku Simonga, wondiposa ndi zaka khumi ndi zitatu. Tsiku loyamba lenilenilo anandipeza ndikubwezera m'bokosi mbedza zimene zinali zitangochoka kumtsinje. Anandigwira dzanja osati mwaukali, n'kundiuza m'Chinyanja chake cha m'tauni: "Imwe ba Mwale, mbeza siyopa manzi. Iyopa bokosi."

Kenako anandisonyeza ntchito yonse. Boti lililonse linali ndi mabokosi awiri a matabwa, okhomedwa mosiya mipata kuti mphepo izidutsa. Limodzi likapita kumtsinje, linalo limatsala ndi ine. Mbedza zobwera kumadzi ndinkazikhuthula zonse, ngakhale zimene sizinagwire ntchito, chifukwa pa boti palibe chimene chimabwera chouma. Ndinkazitsuka m'beseni, kuchotsa tinyama ta nyambo totsalira pokhota, n'kuziyanika pa saka pa thandala limene linali kutsogolo kwa kachipinda kanga. Dzuwa likafika pamutu ndinkazitembenuza. Madzulo iliyonse inkadutsa pa kansalu ka mafuta, kenako pa kansalu kouma. Mbedza yokhala ndi kadontho kofiira, ngakhale kochepa ngati mutu wa singano, sinkabwerera kwa zinzake. Ba Mubita ankati dzimbiri lili ngati chimfine cha m'kalasi: akayamba mmodzi, Lachisanu onse akutsokomola.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita m'mwezi wachiwiri. Mafuta opukutira anatha, ndipo ine pofuna kuonetsa nzeru ndinatunga oyilo wa injini mu kachitini n'kupaka mbedza zonse mpaka zinanyezimira. Masiku awiri alendo anakhala pamtsinje popanda nsomba yoyandikira nyambo. Tsiku lachitatu Ba Mubita anabwera ndi mbedza imodzi, n'kuiika pamphuno panga. Anandifunsa ngati ine ndingadye ndiwo zonunkha galaji. Anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo nkhaniyo anaifotokozera aliyense, ophika ndi alonda omwe, koma kwa Ba Chipewa sanaifikitse. Tinatha tsiku lonse tikutsuka mbedza ndi phulusa ndi madzi otentha. Ubwenzi wathu unayambira pa beseni limenelo.

Chaka chachisanu mpaka chachisanu ndi chinayi

Izi ndi zaka zimene ndinakwatira amayi anu, Esitere, ndipo ndi zaka zomwezo zimene zinthu zinasowa m'masitolo. Tinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya anthu ena ku Nottie Broadie, m'tauni ya Livingstone, iwo akusoka zovala pa khonde, ine ndikukwera galimoto ya antchito m'mawa uliwonse. Mbedza zabwino za mcheni sizinkapezeka m'tauni monse. Ba Chipewa ankadalira alendo amene ankasiya zawo popita, ndipo nthawi zina miyezi isanu inkatha osalandira ngakhale imodzi. Mbedza iliyonse inakhala ngati mwana wobadwa yekha. Ndinkazidziwa pamaso: iyi inawongoka pang'ono, iyi ndinainola kawiri, iyi inachokera kwa mlendo wa ndevu uja.

Amayi anu ndiwo anandipulumutsa zaka zimenezo, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezi, chifukwa pa loji ankayamika ine ndekha. Mafuta opukutira atasoweratu, anandigawira a makina awo osokera, dontho limodzi pa kansalu lokwanira bokosi lonse. Anaona mbedza zikukolana m'thumba la malaya anga, n'kutenga mapini akuluakulu otsekera matewera anu, kulowetsa mbedza pa bowo lake, zazikulu pa pini yake, zazing'ono pa yake. Kuyambira pamenepo sizinakhudzanenso nsonga, ndipo kuziyanika kunali kongopachika. Anasokanso timatumba ta zidutswa za chitenje, tikathiramo mpunga wokazinga pang'ono n'kuika m'makona a bokosi kuti uzimwa chinyezi. Mpunga utasowa tinaikamo makala. Makoswe a pa loji anadya timatumba ta mpunga kawiri, ndipo amayi anu anati ndiwauze kuti telala watopa, akafuna zovala abwere ayezedwe.

Miyezi ya mvula, boma likatseka usodzi, ndiyo inali nthawi yoopsa. Mphepo ya kumtsinje imakhala yonyowa ngakhale dzuwa likuwala, ndipo chitsulo chimachita thukuta chili pa shelefu. Ndinkaumitsa mbedza masiku atatu, kuzipukuta, n'kuziika m'mabotolo a jamu pamodzi ndi mpunga. Lolemba lililonse ndinkatsegula botolo lililonse. Usodzi ukatsegulidwa, Ba Mubita ankabwera kudzaona, n'kutola mbedza imodzi, kuikanda pa chikhadabo, n'kugwedeza mutu. Sankanena kuti zili bwino. Ankangoti, "Ba Mwale, mwatinamiza. Izi mwagula mailo," kutanthauza kuti ndagula dzulo.

Mbiri inafalikira. Alendo obwerabwera anayamba kubweretsa mabokosi awo kuti ndiwakonzere, ndipo oyendetsa maboti a maloji ena ankatumiza anthu kudzafunsa kuti ndimathira mankhwala anji. Ndinkawauza zoona, kuti ndi dzuwa, kansalu ndi mpunga, koma sankakhulupirira. Ndinasangalala ndi mbiri imeneyo kuposa mmene mkhristu ayenera kusangalalira. Pa nthawiyo sindinadziwe. Ndinkayesa kuti ndikungokonda ntchito.

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chiwiri, mwezi wa Juni

Ba Chipewa atakalamba anagulitsa loji n'kupita kwa ana ake. Eni atsopano anatumiza manejala, mayi wachitsikana wa Chitonga dzina lake Ba Mutinta, wokulira m'tauni ku Highlands, amene anaphunzira ntchito m'mahotela akuluakulu. Musamuganizire zoipa. Anali munthu wolimbikira ntchito, wofika m'mawa tonse tisanafike, ndipo ndi iye anatigulira majekete oyandama ndi kukonza denga la khitchini limene linkadontha kuyambira ndisanabwere. Kungoti mtsinje sankaudziwa, ndipo ife amene tinkaudziwa sitinkadziwa kulankhula ndi bwana wamkazi wamng'ono chotero kwa ife.

Sabata yachitatu anabweretsa mabokosi atatu a pulasitiki, obiriwira, okongola, limodzi pa boti lililonse. Chivindikiro chinali ndi labala kuzungulira, ndipo mkati munali siponji yobayapo mbedza. Anatisonkhanitsa, n'kumiza limodzi m'beseni, kulitulutsa, kulitsegula: mkati mouma. Tonse tinaomba m'manja, ine ndemwe. Kenako anati thandala langa lichoke, chifukwa linali panjira ya alendo yopita kumaboti, ndipo masaka oyanikidwa ankaoneka ngati pamsika wa kapenta. Mwana wa mlendo akadzabayidwa, anati, adzayankha ndani? Mabokosi a matabwa anapita ku khitchini, ophika n'kuyamba kusungiramo anyezi ndi tomato.

Ndinayesa kunena. Ndinati, madamu, mbedza zimafuna mphepo. Anandiyankha mwaulemu kuti mabokosi awa madzi salowa, ndiye dzimbiri lichokera kuti. Ndinalibe mawu okonzeka. Ndinayang'ana kwa Ba Mubita, iwo akuyang'ana kumtsinje. Ndinati chabwino, madamu.

Chimene ndinalephera kunena ndi chapafupi. Bokosi limene madzi salowa, madzi satulukanso. Pa boti limatsegulidwa kakhumi pa tsiku ndi manja onyowa, mbedza yochoka m'kamwa mwa nsomba imabayidwa pa siponji, siponji imamwa, chivindikiro chimatsekedwa, ndipo bokosi limakhala padzuwa ngati mphika pamoto. Madzulo linkabwera kwa ine dzuwa litalowa kale, m'mawa n'kupitanso. Ndinkalisiya chotsegula m'kachipinda kanga, koma munalibe zenera, ndipo siponji sinkauma. Linalo losinthana nalo panalibe.

Chaka chomwecho, Sepitembala ndi Okutobala

Kutentha kutayamba ndinaona madontho oyamba. Sabata yotsatira siponji inali ndi mizere yofiira pansi pa mbedza iliyonse. Apa ndi pamene ndinayenera kunyamula bokosi n'kupita nalo ku ofesi. Sindinapite. Ndinaganiza za anthu a maloji ena amene ankabwera kudzandifunsa nzeru, ndi za madamu amene angati mdala uyu ntchito yamukanika. Ndinagula sandipepa yosalala, n'kuyamba kupala mbedza m'mawa uliwonse maboti asananyamuke, kuzipaka mafuta, n'kuzibwezera zikunyezimira ngati zatsopano.

Ndinkadziwa chimene ndinkachita. Mbedza imabwera ndi khungu lake loiteteza, ndipo ukaipala umachotsa khungulo. Dzimbiri limabwerera msanga, n'kulowa mkati, makamaka pokhota pamene pamakhala mphamvu yonse. Kunja imaoneka bwino, mkati yafumbwa ngati chimanga cha anankafumbwe. Nsomba zazing'ono sizingaithyole. Koma mcheni wamkulu akaluma amathamanga, n'kudumpha m'mwamba akupukusa mutu, ndipo pakamwa pake ndi fupa lokhalokha.

Maboti enawo awiri ankanyamula kwambiri mabanja okaona mvuu ndi kuwedza tinsomba ta m'mbali. Alendo enieni a mcheni, obwera kuchokera kutali chifukwa cha nsomba imodzi yaikulu, onse ankapatsidwa kwa Ba Mubita, amene ankawatengera kumadzi othamanga. Choncho tsoka lonse linagwera boti lawo. Nsomba inkaluma, kudumpha kamodzi kapena kawiri, n'kupita. Lero, mawa, mkuja. Alendo anayamba kudandaula ku ofesi kuti mdala uja wachedwa kutembenuza boti, kuti maso ake sakuonanso, kuti amamanga mfundo zosalimba. Madzulo Ba Mubita ankandipatsa bokosi, n'kunena kuti ndiwonjezemo mbedza, zina zapita ndi nsomba. Sankawonjezera mawu, ndipo ine sindinkafunsa.

Lachisanu lina mlonda anandiuza kuti kalata yalembedwa. Ba Mubita apume pa ntchito kumapeto kwa mwezi, boti lipatsidwe munthu wina wochokera ku loji ya kumunsi. Ba Mubita anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi zokha, ali ndi ana awiri pasukulu ndi adzukulu amasiye atatu pakhomo. Madzulo amenewo ndinawaona akutsuka boti monga mwa masiku onse, akuimba nyimbo yawo ya Chilozi, ndipo anandikwezera dzanja. Ndinakweza langa.

Loweruka amayi anu anandigwira dzanja pamene ankandithira madzi osamba m'manja. Nsonga za zala zanga zinali zopalika, zofiirira. Anafunsa kuti ndayamba liti ntchito ya ukalipentala. Ndinawauza zonse, kuyambira pa beseni la madamu mpaka pa kalata. Anamvetsera osandidula, monga mmene ankachitira, akupinda nsalu ya munthu wina pamiyendo. Ndinayamba kufotokoza kuti mlandu weniweni ndi wa mabokosi, kuti ine ndinachenjeza, kuti ndikanena tsopano ochotsedwa ndikhala ine, ndipo inu awiri munali pasukulu.

"Atate a Tiya," anatero, "mabokosi sanagule sandipepa."

Lamulungu tinapita kutchalitchi, ndipo linali tsiku langa loyimirira pakhomo kulandira anthu. Ndinagwira manja a anthu ambiri ndi zala zomwezo. Za ulaliki wa tsiku limenelo sindikumbukira kanthu. Ndikukumbukira kuti ndinapempha Mulungu andionetse njira ina, yoti Ba Mubita atsale ndipo dzina langa lisade, ndipo sanandionetse. Pobwerera amayi anu anati akachotsedwa munthu m'nyumba ino, makina alipo, sitigona ndi njala.

Lolemba lotsatira

Sindinapale mbedza m'mawa umenewo. Ndinanyamula bokosi lobiriwira la Ba Mubita ndi pulaya, n'kugogoda pa ofesi. Ba Mutinta anali akumwa tiyi ataimirira. Ndinatsegula bokosi pa tebulo lawo, ndipo fungo la chitsulo chonyowa linadzaza chipinda. Ndinatola mbedza imodzi yonyezimira, yopalidwa Loweruka, kuigwira ndi pulaya, n'kuikoka pang'ono ndi chala. Inathyoka pokhota ngati kamtengo kouma. Ndinatola ina, inathyoka. Yachitatu ndinawapatsa kuti athyole okha, ndipo anathyola, n'kuyang'ana mkati mwake mofiira.

Ndinawauza kuti Ba Mubita sanachedwe kutembenuza boti ngakhale kamodzi. Ndinati dzimbiri ndinaliona masabata asanu apitawo, ndinalibisa ndi sandipepa, ndipo ndinatumiza mnzanga kumtsinje ndi mbedza zimene ndinkadziwa kuti sizigwira. Ndinati ngati pali kalata, dzina lake likhale langa.

Anakhala pansi. Anandifunsa kawiri kuti masabata angati, ndipo kawiri ndinayankha. Nkhope yawo inali yolimba, ndipo ndinaona kuti chawapweteka kwambiri si mbedza ayi, koma kuti anasaina kalata ya munthu wosalakwa pamene wina amene akanawaletsa anali pafupi, akuwapatsa moni m'mawa uliwonse. Anatuma mlonda kukaitana Ba Mubita.

Ba Mubita analowa chipewa chili m'manja. Anayang'ana tizidutswa pa tebulo, n'kuyang'ana ine. Madamu anayamba kuwafotokozera kuti mbedza zinali zowola, koma iwo anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa kachitini ka fodya. Anakatsegula n'kukhuthula pa tebulo. Munali timitu ta mbedza zothyoka, tambiri, tina tidakali ndi kachidutswa ka waya. Nsomba ikapita, iwo ankakoka chingwe msanga, kudula mbedza yothyokayo mlendo asanaione, kuiponya m'thumba, n'kunena kuti yalavula.

Madamu anafunsa kuti bwanji sanabweretse kachitiniko pamene anawaitana za kalata.

"Madamu, ine nikachoka pano nili na bwato yanga ku Simonga, nili na munda," anatero Ba Mubita. "Manje aba ba Mwale bazayenda kuti? Zaka seventini pa Zambezi, kusambira sibaziba, kugwira nsomba sibaziba. Baziba chabe kupukuta mbeza monga ni mbale za ku chalichi."

"So munafuna kuchosewa nchito chifukwa cha beve?"

"Awe. Nenze kuyembekeza chabe. Nenze naziba bazabwera. Koma bachedwa maningi, nenze nayamba kuyopa."

Ine ndinalephera kuyang'ana munthu aliyense. Ndinamva madamu akutulutsa mpweya, kenako akuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watopa. Anati amadala awiri, mmodzi akubisa dzimbiri, wina akubisa mbedza, ndipo iye akuyendetsa loji ngati wakhungu. Anatsegula kabati, kutulutsa kalata ya Ba Mubita, n'kuing'amba pakati. Kwa ine anati ndidzalandira kalata yochenjeza, ndipo ndinailandiradi, ili m'sutikesi yanga mpaka lero. Anawonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo, chimene ndikuchidziwa ndizichinena mpaka amve, ngakhale akwiye. Kenako anandiuza kuti ndiwafotokozere za bokosilo kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno mawu ndinali nawo. Anafinya siponji ndi chala, madzi ofiira n'kutuluka.

Masana omwewo anapita okha ku khitchini kukalanda mabokosi a matabwa. Ophika anakana poyamba, akuti anyezi azolowera. Mabokosiwo tinawatsuka ndi madzi otentha, koma fungo la anyezi linakhalamo mpaka mvula, ndipo Ba Mubita ankauza alendo kuti ndi mankhwala a Chichewa oitanira nsomba. Mbedza zonse zopalidwa tinazikwirira m'dzenje. Madamu anayendetsa galimoto kupita m'tauni kukatenga zatsopano. Thandala analimanga kuseri kwa khitchini, kumene ana a alendo safika, lokhala ndi waya wa sefa pamwamba, labwino kuposa lakale. Mabokosi obiriwira sitinawataye. Tinachotsamo siponji, ndipo anakhala osungiramo mafoni ndi makamera a alendo pa boti, ntchito imene ankaigwira bwino kwambiri.

Lachitatu kunalibe alendo. Madamu anati mbedza zatsopano ziyesedwe, ndipo woziyesa akhale amene amazisunga. Anandiveka jekete loyandama ndi manja awo, n'kulimanga mpaka ndinalephera kupuma bwino. Aka kanali koyamba kukwera boti kupita kumadzi othamanga. Ndinakhala pakati, manja onse awiri atagwira thabwa, ndikupemphera chamumtima, Ba Mubita akundifunsa ngati ndasiya mawu kwa abusa.

Atazimitsa injini, boti likuyenda lokha ndi madzi, ndinaona kuti nthawi ndi imeneyi. Ndinayamba kunena kuti m'bale wanga, ndinakulakwirani, ndinakuonani mukutsuka boti Lachisanu lija ndipo ndinakhala chete. Anandipatsa ndodo m'manja. Ndinapitiriza kuti sindikudziwa ngati mungandikhululukire. Anandiuza kuti ndiyang'ane chingwe. Ndinati ayi, mundimvere kaye, ndipo pomwepo ndodo inagwedezeka ngati yamenyedwa ndi galimoto.

"Kokani, ba Mwale! Vokamba vija namva kale. Kokani!"

Ndinakoka. Chinthu chasiliva chinatuluka m'madzi patsogolo pathu, chikupukusa mutu, mchira wofiira, n'kugwa, n'kutulukanso. Ndinakuwa mawu amene sindikuwakumbukira, ndipo Ba Mubita ankati ndinaitana amayi anga a ku Katete. Katatu inadumpha, ndipo mbedza inagwira. Pamene anaikweza mu ukonde, anandipatsa kuti ndiinyamule. Sinali yaikulu kwambiri, ngakhale kuti pofika Loweruka Ba Mubita anali ataikulitsa kufika pa msinkhu wa mwana wa sukulu. Anaichotsa mbedza, kundionetsa mano ake, n'kundiuza kuti ndiibwezere ndekha. Ndinaigwira m'madzi mpaka inapukusa mchira n'kupita. Tinakhala pamenepo tikuseka ngati ana, amuna awiri a imvi, boti likutsetsereka.

Ba Mubita anayendetsa boti limenelo zaka zina zisanu ndi zinayi, n'kupuma pa nthawi imene anasankha okha. Ba Mutinta anakhala bwana wanga mpaka tsiku langa lomaliza, ndipo pa maliro a amayi anu ndi iwo anabwera ndi galimoto ya loji itadzaza antchito.

Koma ndibwerere ku Lachitatu lija. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, thalauzi lili lonyowa, ndikununkha nsomba. Amayi anu anali pa makina pakhonde. Ndinayamba kuwafotokozera za mcheni, mmene unadumphira, kutalika kwake, ndikutambasula manja. Anandisiya ndifike kumapeto, akumwetulira, phazi lili pa chopondera. Anafunsa kuti nanga nsombayo ili kuti, ndipo ndinati tinaibwezera m'madzi. Anati zimenezo ndi nzeru za kuntchito kwanu, sazilowerera.

Kenako anaimitsa makina.

"Nanga Ba Mubita, mawa apita kuntchito?"

"Apita."

"Ndi mwezi wamawa?"

"Ndi mwezi wamawa womwe."

Anadula ulusi ndi mano, n'kundiuza kuti ndikawaitane Lamulungu adzadye kwathu pamodzi ndi akazi awo, ndipo nkhuku yake ndigwire ndine.